Duwa la Khirisimasi lomwe kuno limafiira mu Juni

Awa ndi mawu omwe mayi wina wa m'kalabu yathu ya omvera wailesi analankhula pa msonkhano wa mwezi wa Ogasiti. Tawalemba monga momwe anawalankhulira kuti omwe sanabwere nawonso amve.

 

Pa msonkhano wa mwezi wathawu a mlembi anabweretsa ganizo loti kalabu yathu ibzale maluwa ofiira aja m'zitini, kuti pofika pa 25 Disembala tikapereke kwa odwala ku chipatala ndi kwa agogo athu omwe amakhala okha, ndipo otsala tigulitse kuti tipeze ya mabatire a wailesi ndi ya mapepala a kalata yathuyi. Tonse tinaomba m'manja. Inenso ndinaomba, koma nditafika kunyumba tulo sitinabwere, chifukwa duwa limeneli linandichititsapo manyazi, ndipo sindikufuna kuti kalabu yonse ipunthwe pa mwala womwewo. Ganizo ndi labwino ndithu. Chomwe ndikufuna tikambirane lero ndi tsikulo.

Kuti tonse tikhale pamodzi, ndikunena za chitsamba chija chimamera kumishoni, pa mabwalo a sukulu ndi ku nyumba zakale za ku Ulóngwè, chotalika kuposa munthu, chomwe nthawi yozizira chimafiira kunsonga kuti psuu. M'mabuku dzina lake ndi poinsettia. M'Chipwitikizi ena amati bico-de-papagaio, kutanthauza mlomo wa chinkhwe, ena amati estrela-de-natal, nyenyezi ya Khirisimasi. Dzina lachiwirili ndi lomwe linandisokoneza ine.

Zaka zingapo zapitazo achimwene anga omwe amagwira ntchito ku Johannesburg anatitumizira khadi la Khirisimasi. Pakhadipo panali duwa limeneli, lofiira, lili mu mphika wokongola. Ndinalizindikira nthawi yomweyo, ndinati aa, si lija lili kuseri kwa tchalitchi ili? Ndiye ndinakapempha nthambi, ndinabzala m'chitini, ndi kuwalonjeza apongozi anga kuti pa Natal ndiwabweretsera duwa lofiira ngati la pakhadi. Ndinathirira, ndinathira manyowa, ndinalitchinjiriza ku nkhuku. Linakula bwino zedi. Koma Disembala anafika masamba onse ali biriwiri, popanda ngakhale kadontho kofiira. Poti ndinali nditalonjeza, ndinanyamula chitini changa pamutu mpaka kwa apongozi. Iwo anachiyang'ana, anachizungulira, kenaka anati, "Mwana wanga, zikomo, koma chigwada chimenechi n'chamtundu wanji, chimadyedwa?" Azilamu anga anaseka mpaka misozi. Ine ndinangoti zyoli.

Chitini chija anachisiya pakhonde, mvula n'kumachithirira. Itafika miyezi ya chisanu, cha kumayambiriro kwa Juni, ndinaona mwana akubwera chothamanga, akuti agogo akukuitanani msanga. Ndinayesa kwagwa zovuta. Kufika kuja ndinapeza apongozi ataima pafupi ndi chitini, duwa litafiira nsonga zonse. Anati, "Mlendo wanu uja wafika tsopano, kani anangochedwa pa njira."

Kuyambira pamenepo ndinayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo zomwe ndinapeza ndi izi.

Kwawo kwa duwali ndi ku Mexico ndi ku Guatemala, komwe limamera lokha m'tchire n'kutalika mamita atatu kapena anayi. Anthu akale a kumeneko, Aaziteki, ankalitcha cuetlaxochitl, ankapanga nalo utoto wofiira, ndipo utomoni wake ankaugwiritsa ntchito pa matenda a kutentha thupi. M'zaka za m'ma 1600 ansembe a chipani cha Fransisko Woyera ku tauni ya Taxco anayamba kukongoletsa nalo miyambo ya kubadwa kwa Yesu, chifukwa kumeneko limafiira lokha mu Disembala. Mpaka lero anthu a ku Mexico amalitcha flor de Nochebuena, duwa la usiku wa Khirisimasi. Dzina loti poinsettia linachokera kwa Joel Roberts Poinsett, kazembe woyamba wa dziko la United States ku Mexico, yemwe anapita kumeneko m'chaka cha 1825, ndipo cha m'ma 1828 anatumiza mbewuyi kwawo. Koma omwe analitchukitsa kwenikweni ndi a banja la Ecke, ochokera ku Germany, omwe mu 1923 anakhazikitsa munda wawo ku Encinitas, ku California. Iwowa ankatumiza maluwa aulere ku nyumba za kanema kuti pa mapulogalamu a Khirisimasi anthu aziwaona kumbuyo kwa muulutsi. Ife omvera wailesi tikudziwa mphamvu ya zimenezi: chinthu ukachimva kapena kuchiona tsiku ndi tsiku umayamba kuganiza kuti chinali choncho chikhalire.

Tsono maiko onse ndatchulawa ali kumpoto kwa dziko lapansi. Kwa iwo Disembala ndi nthawi yozizira, ya usiku wautali. Kwa ife Disembala ndi nthawi ya mvula ndi ya kupalira, dzuwa limatuluka msanga n'kulowa mochedwa. Duwali silidziwa kalendala. Chomwe limamva ndi kutalika kwa usiku basi.

Pano ndichedwepo pang'ono, chifukwa mutu wa nkhani yonse uli apa. Zofiira zomwe timaziona zija si duwa ayi, ndi masamba omwe asintha mtundu. Maluwa enieni ndi timibulu tachikasu tating'ono tija tili pakati. Chitsambachi chimayamba kukonza timaluwato ndi kufiiritsa masamba pokhapokha chikalandira mdima wosadukiza wa maola pafupifupi 12 kapena kupitirira, usiku uliwonse, kwa masabata angapo motsatizana. Omwe anazindikira kuti zomera zimayeza usana ndi usiku motere ndi akatswiri awiri a zaulimi a ku America, Garner ndi Allard, m'chaka cha 1920, ndipo anazipeza pofufuza fodya ndi soya, mbewu zomwe ife a ku Angónia timazidziwa bwino. Kuno kwathu mu Disembala usana umakhala wa maola pafupifupi 13, usiku 11 okha. Mu Juni zimatembenuka, usana umatsala maola 11 ndi mphindi zochepa, usiku n'kuyandikira 13. Kusiyana kwake ndi kochepa, munthu sungakuone popanda wotchi, koma chitsambachi chimakumva. Usiku umayamba kuposa usana chakumapeto kwa Malichi. Ndiye werengani nokha: Epulo, Meyi, pofika Juni chafiira. N'chifukwa chake kuseri kwa tchalitchi kuja kumakongola nthawi yomwe tavala majuzi, osati nthawi ya chimanga chachiwisi.

Ndipo mu Juni tilibe chikondwerero ngati? Pa 1 Juni ndi tsiku la ana. Pa 25 de Junho ndi tsiku lomwe dziko lathu la Mozambique linalandira ufulu m'chaka cha 1975. Pa tsiku limenelo duwali limakhala litafiira lokha, popanda wina kulikakamiza. Ndiponso ndi nthawi yomwe agogo okhala okha aja amavutika kwambiri ndi kuzizira, pomwe alendo owayendera ndi ochepa. Pa Disembala, Dia da Família, ambiri amakhala ndi ana awo ochokera ku Tete, ku Beira kapena ku Joni. Mu Juni ndani amawakumbuka? Ganizo langa ndi loti mphatso ya kalabu tiisunthire pa 25 de Junho, duwa m'dzanja limodzi, m'dzanja linalo mtolo wa nkhuni kapena kabulangete ngati thumba lathu lilola.

Ndikuona a mlembi akupukusa mutu, ndiye ndinene chilungamo: kulifiiritsa mu Disembala n'kotheka. Omwe achimwene anga amawaona m'masitolo a ku Johannesburg pa Khirisimasi amafiira chifukwa alimi ake amawanamiza ndi mdima m'nyumba zolimiramo maluwa. Ifenso tingathe. Mumatenga chitsamba chomwe chagwira kale bwino m'chitini, ndipo kuyambira pa 4 Okutobala, Tsiku la Mtendere lija kuti musaiwale, mumachivundikira tsiku lililonse 5 koloko madzulo n'kuchivundukula 7 koloko m'mawa. Amenewo ndi maola 14 a mdima. Masana chizikhala powala bwino. Mumatero masabata 8 mpaka 10, ndiye kuti pofika pakati pa Disembala chafiira. Chovundikira chikhale katoni yaikulu yopanda zibowo, kapena dengu lokutidwa ndi nsalu yochindikala, kapena mungochinyamula kukachiika m'chipinda cha mdima chomwe simulowamo ndi nyali. Pulasitiki wakuda kapena mgolo wachitsulo ayi, chifukwa dzuwa la Okutobala likangotuluka musanavundukule muchipeza chitapsa ngati ndiwo.

Ine ndinayesa chaka chotsatira, pofuna kubweza manyazi aja. Masabata atatu oyamba ndinkachita mokhulupirika ngati kumwa mankhwala. Kenaka kunagwa maliro kwathu, ndinakagona kumeneko masiku asanu. Mwana yemwe ndinamusiyira ntchito ankavundikira tsiku lina, tsiku lina n'kuiwala, tsiku lina n'kumasuzumira ndi tochi kuti aone ngati chayamba kufiira. Pa Khirisimasi ndinali ndi timasamba tiwiri tofiirira ngati tadwala. Chinafiira bwino mu Januwale, fesita itatha kalekale. Ndiye taganizani, ngati chitini chimodzi chinandikanika, nanga zitini makumi asanu? Okutobala ndi Novembala ndi nthawi yosoka mizere, yothirira nazale ya fodya, yodikira mvula yoyamba. Ndani pakati pathu adzasiye khasu 5 koloko tsiku lililonse kuthamangira kukavundikira maluwa? Palinso vuto la kutentha. Usiku ukamakhala wofunda kwambiri chitsambachi chimachedwa kufiira ngakhale mdima ukhale wokwanira. Kuno kumapiri zimenezi n'zochepa, koma kwa abale athu otimvera kumunsi, cha ku Moatize ndi ku mzinda wa Tete, komwe mu Novembala anthu amagona panja, ndi ntchito yovuta zedi. Yemwe ali ndi mtima woyesa ayese ndi chitini chimodzi kapena ziwiri kunyumba kwake, ndidzamuthandiza. Koma ndalama ndi mbiri ya kalabu tisaziike pamenepo.

Tsopano kabzalidwe kake, chifukwa nthawi yake ndi ino. Mwezi uno wa Ogasiti mpaka Seputembala masamba ofiira aja akuyoyoka, ndipo eni zitsamba amazidulira kuti ziphukenso. Nthambi zomwe akutayazo ndiye mbewu yathu, yaulere. Aliyense wodziwa kubzala chinangwa sangavutike, chifukwa awiriwa ndi pachibale, banja limodzi ndi nsatsi ndi nkhadze. Sankhani nthambi yokhwima, yonenepa ngati chala, muidule zidutswa zotalika masentimita 20 mpaka 30, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Podulapo patuluka utomoni woyera ngati mkaka. Musathamangire kubzala, zisiyeni pamthunzi tsiku limodzi kuti pabalapo paume, apo ayi zimaola. Pobzala musazondotse, kumunsi kukhale kumunsi, ndipo mfundo ziwiri zilowe m'dothi.

Chitini chikhale chachikulu ndithu, monga cha malita asanu kapena chigubu cha mafuta ophikira chodula pakati, ndipo muchiboole pansi ndi msomali malo angapo. Izi musaiwale. Zitsamba zambiri zomwe ndaziona zikufa sizinafe ndi ludzu, zinafa ndi madzi. Mizu yake ikakhala m'matope imaola, masamba amachita chikasu n'kugwa, mwiniwake poona choncho amaonjezera madzi, basi n'kumaliziratu. Pansi pa chitini ikani timiyala kapena makala, kenaka dothi losakaniza: gawo limodzi mchenga wa kumtsinje, gawo limodzi manyowa owolerana bwino, magawo awiri dothi lakuda. Pothirira pisani chala m'dothimo, ngati muli chinyezi dikirani mawa. Masabata oyamba zikhale pa mthunzi wa mtengo. Zikaphuka masamba mungazitulutse kuti zizilandira dzuwa la m'mawa.

Chotsatira ndi chomwe chimasiyanitsa mphatso yokongola ndi ndodo yokhala ndi kachisoti kofiira pamwamba. Mtundu womwe tili nawo kuno ndi wakale uja, wokonda kuthamangira kumwamba ndi nthambi imodzi. Ofupika, a nthambi zambiri, omwe timawaona pa makhadi, ndi mitundu yosankhidwa ndipo alimi ake amaithira mankhwala oletsa kutalika. Ife mankhwala athu ndi zala. Mphukira ikafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi, tsinani nsonga. Alimi a fodya mukudziwa zomwe zimachitika mukadula nsonga: m'mbali monse mumatuluka ana. Pa fodya ana amenewo timawachotsa, koma pano ndi omwe tikuwafuna, chifukwa nthambi iliyonse idzakhala ndi chisoti chake chofiira. Anawo akatalika muwatsinenso. Mungatero kawiri kapena katatu m'nyengo ya mvula, komaliza kumapeto kwa Febuluwale. Pofika pa 7 de Abril, tsiku la amayi, manja anu akhale atachoka kalekale, chifukwa mukatsina nthawi imeneyo mukutaya duwa lenilenilo.

Kuyambira kumapeto kwa Malichi chenjerani ndi magetsi. Inu a m'tauni omwe muli ndi babu loyaka usiku wonse pakhonde, ndi inu omwe munagula tinyali ta sola, musaike chitini pafupi. Kuwala kochepa kumadula usiku pakati, chitsamba n'kumayesa kuti nthawi sinakwane. Mnansi wanga ali ndi chachikulu pafupi ndi babu la pa geti, ndipo chaka chilichonse mbali yoyang'ana kumdima imafiira, mbali ya kubabu imakhala yobiriwira. Anayamba kuganiza zina, mukudziwa mmene timaganizira, mpaka tinakambirana. Chinanso ndi chisanu. Duwali limafuna usiku wautali koma chisanu chenicheni silipirira. Inu a ku Tsangano ndi ku Dómuè, ndi onse okhala m'mbali mwa madambo, mu Juni ndi Julaye usiku muziika zitini pansi pa denga. Mphepo ya mweranso imathyola nthambi zake chifukwa n'zosalimba, ndiye pezani pobisika.

Tizilombo tomwe timavutitsa ndi tintchentche toyera tating'ono, tofanana ndi tomwe timationa kunsi kwa masamba a chinangwa ndi tomato. Mukagwedeza nthambi timauluka ngati ufa. Muziyang'ana kunsi kwa masamba, ndipo mukationa tsukani masambawo ndi madzi a sopo pang'ono, madzulo, kangapo pa mwezi.

Mayi wina anandifunsa panja paja kuti, kodi si poizoni ameneyu, tikapereke bwanji ku nyumba za ana? Funso labwino. Mbiri yoti duwali limapha inafala kwambiri ku America, koma m'chaka cha 1971 akatswiri a pa yunivesite ya Ohio State anadyetsa makoswe masamba ake ochuluka ndipo sanafe. Si loopsa ngati nkhadze. Komabe si ndiwo. Mwana akatafuna masamba angasanze kapena kutsegula m'mimba, ndipo utomoni uja umayabwa pakhungu la anthu ena, m'maso ndiye umawawa kwambiri. Mukamadula musagwire kumaso, mukatha sambani m'manja ndi sopo. Ukalowa m'diso tsukani ndi madzi oyera ambiri, ndipo ngati kuwawa sikukuleka pitani ku chipatala. Popereka mphatso mawu amenewa tiziwanenanso kwa wolandirayo. Za ku chipatala, ndibwino a wapampando akayambe afunsa akuluakulu a kumeneko ngati angalole zitini za dothi m'zipinda za odwala, mwina angakonde kuti tibzale panja pomwe odwala amaothera dzuwa.

Posankha chopereka, yang'anani timibulu tachikasu tapakati tija. Ngati tikadali totseka, chitsambacho chikhala chofiira masabata ambiri m'nyumba mwa wolandirayo. Ngati tayamba kugwa ndiye kuti chatsala pang'ono kutha, chimenecho sungani nokha. Chitini muchikute ndi kansalu ka chitenje kapena muchiike m'kadengu, chisaoneke kuti munali mafuta. Ndipo wina akafuna kudula nthambi zofiira zoika m'botolo pa guwa la tchalitchi, aviike kodulako m'madzi otentha kwa kamphindi kapena akuwambe pa kandulo kuti utomoni uleke kutuluka, apo ayi pofika nthawi ya chopereka zikhala zitafota. Muwauzenso agogowo kuti masamba akadzayoyoka mu Ogasiti asataye chitini poyesa kuti chafa. Achidulire, kapena achiokere pabwalo, chaka chamawa chidzafiiranso. Cha apongozi anga chija tsopano chapitirira denga la khitchini, ndipo nthambi zomwe ndabwera nazo lerozi, zili mu thumba pakhomopo, ndadula kumeneko ndi chilolezo chawo. Anandiuza kuti ndikupatseni moni, ndiponso kuti ndikuuzeni kuti chigwada chawo chili bwino.

Nthambizo zilipo zokwanira anthu makumi awiri, aliyense atenge ziwiri potuluka. Loweruka likudzali tikumane pano 8 koloko m'mawa, aliyense ndi chitini chake ndi msomali, achinyamata mutithandize kutuma mchenga. A wapampando, nkhani ya tsiku ndaisiya m'manja mwanu kuti anthu avote.